Mutu 8: Mphasa ya Asilikali a M'thupi

Mwana wa ku Nathenje akapunthwa chala pachitsa pothamangitsa mpira wachikulunga, bala limakhala kuphazi. Pakapita masiku awiri kapena atatu amayamba kutsimphina, koma akuloza pena. Agogo ake sachita kufunsa zambiri. Amangomupapasa m'mphechepeche n'kunena kuti, "Ndi mwanabere uyu. Bwera nalo kuno phazilo, pali chilonda penapake." Ndipo chilondacho chimapezekadi, kaya ndi chala chophulika chija, kaya ndi pamene adachotsa thekenya ndi phini.

Agogowo amadziwa lamulo limene ophunzira udokotala amaliloweza m'kalasi: chilonda cha kuphazi chimayankhidwa m'mphechepeche, cha kudzanja chimayankhidwa m'khwapa, dzino lobooka kapena zilonda za m'mutu zimayankhidwa m'khosi. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti mwanabere sabwera tsiku limene watupalo. Amakhalapo kuyambira munthu asanabadwe. Munthu wamkulu ali ndi anabere pafupifupi 500 kapena 600, ambiri aang'ono ngati nyemba kapena kucheperapo, obisika m'khosi, m'khwapa, m'chifuwa, m'mimba ndi m'mphechepeche. Timangowamva akakhala pa ntchito yaikulu. M'mutu uno tilowa m'kati mwa kanyemba kameneka kuti tione amene adakamanga ndiponso amene amakasamalira.

Madzi achiwiri a m'thupi

Magazi akamayenda m'timitsempha ting'onoting'ono, madzi ena amadontha n'kunyowetsa minofu. Madzi amenewa akadangokhala pomwepo, thupi lonse likadatupa. Pali mitsempha ina yopyapyala imene imawatunga, ndipo akalowamo amatchedwa limfu. Limfu amatenga chilichonse chimene wachipeza panjira: zinyenyeswa za maselo akufa, tizilombo ta pabala, ngakhale timadontho ta katemera. Asanabwerere m'magazi, amayenera kudutsa mwa mwanabere mmodzi kapena angapo kuti asefedwe.

Kufunika kwa mitsempha imeneyi amakudziwa bwino anthu a ku Nsanje, Chikwawa ndi Karonga, kumene nyongolotsi zofalitsidwa ndi udzudzu zinkaiwononga mpaka mwendo wa munthu kukula ngati mtondo. Dziko lino lidagawa mankhwala kwa zaka zingapo, ndipo mu 2020 bungwe la WHO lidavomereza kuti Malawi wathana ndi matendawa monga vuto la dziko lonse.

Koma kusefa ndi ntchito yochepa chabe ya mwanabere. Ntchito yake yeniyeni ndi kukumanitsa.

Mmodzi mwa 100,000

Kuchipatala timamva za "asilikali a m'thupi". Akuluakulu ake ndi maselo a mitundu iwiri. Maselo a B amapanga ma antibody, timapuloteni timene timakanirira pa kachilombo kuti kalephere kulowa m'maselo athu. Maselo a T ena amapha maselo amene alowedwa ndi kachilombo, ena amatsogolera nkhondo yonse. Otsogolerawa ndi aja amawerengedwa poyeza CD4.

Asilikali amenewa ali ndi khalidwe lodabwitsa. Aliyense amazindikira mdani mmodzi yekha basi. Wodziwa chikuku sadziwa malungo. Kachilombo kachilendo kakalowa m'thupi, selo ya T imene ingakazindikire ikhoza kukhala imodzi mwa 100,000, nthawi zina imodzi mwa miliyoni. Tangoganizani bwalo la masewero la Bingu litadzaza kawiri ndi theka, ndiye inu mukufuna munthu mmodzi amene simudamuonepo, amenenso sakudziwa kuti mukumufuna. Mukachedwa sabata imodzi, mdani waswana kale.

Thupi lidathetsa vutoli ngati mmene anthu a kumudzi adathetsera vuto la malonda. Mlimi wa ku Mitundu amene ali ndi mbuzi yogulitsa sayenda khomo ndi khomo kufunsa amene akuifuna. Amadikira tsiku la msika. Kumsikako aliyense amadziwa mbali ya ziweto, mbali ya kaunjika, mbali ya tomato ndi kabichi. Wogula ndi wogulitsa amapezana m'mawa womwewo chifukwa pali malo, pali njira, pali dongosolo. Mwanabere ndi msika wotere. Kuchokera pabala kumabwera amithenga otchedwa ma dendritic cell atanyamula zidutswa za kachilombo. Kuchokera m'magazi kumabwera maselo a T ndi a B. Funso n'lakuti, adalemberera msikawo ndani?

Oyala mphasa

Mukachotsa asilikali onse mwa mwanabere, pamatsala chinthu chonga luko la dengu: maselo owonda, a manja ataliatali, ogwirana uku ndi uku. Akatswiri amawatcha maselo a stroma. Liwuli ndi la Chigiriki, ndipo limatanthauza choyala pansi, ngati mphasa. Dzinalo likuonetsa mmene ankawapeputsira. Maselowa ndi ochepa, sakwana n'komwe 5 pa 100 alionse a mwa mwanabere. Sapha kachilombo, sapanga antibody. Kwa zaka zambiri ofufuza ankasinja mwanabere, n'kutenga asilikali kukawayeza, zotsalazo n'kutaya ngati madeya. Pang'ono ndi pang'ono zidadziwika kuti m'madeyamo ndi mmene munali dongosolo lonse.

Oyamba ndi alonda a pachipata. Mu 1959, James Gowans wa ku Oxford adasonyeza kuti asilikali a m'thupi sakhala pamodzimodzi, amazungulira kuchoka m'magazi kulowa mwa anabere n'kubwereranso m'magazi. Mu 1964 iye ndi Julie Knight adapeza khomo lake: timitsempha tapadera ta magazi ta m'kati mwa mwanabere, timene khoma lake lili ndi maselo onenepa. Maselo amenewa amakhala ndi zomata zimene zimakola msilikali wodutsa, kumuchedwetsa, kenako kumulowetsa. Maselo ofiira a magazi amangodutsa osaitanidwa.

Achiwiri ndi olambula njira, otchedwa FRC mwachidule. Awa ndiwo aluka dengu lija m'chigawo cha maselo a T. Mu 2006, Marc Bajénoff ndi Ronald Germain ku America adaonera pa makina oonera zing'onozing'ono zimene zimachitika mwa mwanabere wa mbewa yamoyo. Adaona kuti maselo a T sayenda chisawawa. Amakwawa potsata manja a ma FRC, mphambano ndi mphambano, ngati nyerere pa mpanda wa nsungwi. Amithenga ochokera pabala aja amakhala pa luko lomwelo, choncho msilikali aliyense wodutsa amawakhudza n'kununkhiza zimene anyamula. Mthenga mmodzi amaonedwa ndi maselo a T mazanamazana pa ola limodzi. Msilikali akapanda kupeza mdani wake, pasanathe tsiku amatuluka kupita kwa mwanabere wina.

Ma FRC amatulutsanso fungo lawolawo, timapuloteni totchedwa CCL19 ndi CCL21, limene maselo a T ndi amithenga amalitsata. Kumphepete kwa mwanabere kuli fungo lina, CXCL13, limene limakoka maselo a B. N'chifukwa chake magulu awiriwa ali ndi mbali zawo, monga ziweto ndi kaunjika pamsika paja.

M'kati mwa manja a ma FRC mulinso timipope. Timadzi ta pabala tikafika pakhomo la mwanabere, tizidutswa tating'ono kwambiri timalowa m'timipopemo n'kufika pakati m'mphindi zochepa, pamene tizilombo tathunthu timakanidwa n'kugwidwa ndi maselo odya zinyalala a pakhomo. Uthenga umalowa, mdani amatsala kunja.

Pomaliza, ma FRC ndiwo amaphika. Mu 2007 gulu la Sanjiv Luther ku Lausanne lidapeza kuti iwo ndi amene amapanga IL-7, kapuloteni kamene selo ya T yosakumanapo ndi mdani imayenera kukalandira kawirikawiri kuti ikhalebe ndi moyo. Msilikali amene mdani wake adzabwere patapita zaka zambiri amadikira zaka zonsezo akudya m'manja mwa oyala mphasa.

Chimatupitsa mwanabere n'chiyani?

Selo ya T ikapeza mdani wake imaima, n'kuyamba kugawikana: ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, mpaka masauzande m'masiku ochepa. Pa nthawi yomweyo chipata cholowera chimatseguka kwambiri, chotulukira chimatsekedwa kwa kanthawi. Kanyemba kaja kamakula kangapo. Dengu lenileni likadaphulika.

Mu 2014, Sophie Acton ndi anzake ku London adafotokoza chifukwa chake siliphulika. Masiku onse ma FRC amakhala atakunga manja, n'chifukwa chake mwanabere amakhala wamng'ono. Amithenga ochokera pabala akachuluka, amakhudza kapuloteni kena ka pakhungu la ma FRC kotchedwa podoplanin, ndipo ma FRC amamasula manja. Luko limatambasuka osaduka, kenako ma FRC amaswana kuti akwanire malo atsopanowo. Nkhondo ikatha, asilikali ambiri amafa, ochepa amatsala ngati okumbukira, dengu limabwerera mwakale. Ma FRC omwewo amathandizanso kuziziritsa asilikali akapsa mtima mopitirira, kuti asawononge thupi limene akuliteteza.

Choncho ululu umene mwana wa ku Nathenje uja akumva ndi wa chikopa cha mwanabere chimene chikukokeka mofulumira. Chofunika kutsuka ndi kuchiza ndi chilonda cha kuphazi. Kutema mphini pa mwanabere kapena kumufinya kumangotsegula bala lachiwiri.

Katemera wa ku Mitundu

Pa 23 Epulo 2019, pa chipatala cha Mitundu, Malawi adakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera ku sikelo. Ghana ndi Kenya adatsatira chaka chomwecho. Kuno adayambira m'maboma 11, ndipo mwana ankalandira kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Mu Okutobala 2021 bungwe la WHO lidavomereza kuti katemerayu agwiritsidwe ntchito mofala. Pofika 2023 ana oposa 2 miliyoni anali atalandira m'maiko atatuwa, ndipo imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zidatsika ndi 13 pa 100 zilizonse.

Mayi amene adanyamula mwana wake kuchoka pa sikelo tsiku limenelo adaona jakisoni ndi misozi. Zotsatira zake zidachitikira mwa mwanabere wapafupi ndi pamene padabayidwapo, ndipo zidatenga masabata.

M'chigawo cha maselo a B muli mtundu wina wa stroma, wotchedwa FDC. Maselo amenewa adayamba kuonedwa m'zaka za m'ma 1960, pamene Gustav Nossal ndi anzake ku Melbourne adadabwa kuona zidutswa za tizilombo zitakanirira malo amodzi a mwanabere kwa nthawi yaitali. Maselo ena akagwira chidutswa cha mdani amachimeza n'kuchigaya. FDC amachisunga chathunthu, n'kuchiyanika pamanja pake kwa masabata, nthawi zina miyezi.

Pozungulira iye pamabadwa kabwalo ka mpikisano. Maselo a B amene azindikira chidutswacho amaswana, ndipo pa kuswana kulikonse amasintha pang'ono kapangidwe ka antibody wawo. Ena amatuluka ogwira bwino kuposa kholo lawo, ambiri amatuluka oipirapo. Onse amabwerera kwa FDC kukayesa kutsomphola chidutswa chija. Wogwira mwamphamvu amachitenga, amakachionetsa kwa selo ya T yothandiza, n'kupatsidwa chilolezo choswananso. Wolephera amafa pomwepo. Zikazungulira chonchi kangapo, otsala ndi akatswiri. Ena amasamukira m'mafuta a m'mafupa, kumene maselo enanso a stroma amawasunga akutulutsa ma antibody. Ena amakhala okumbukira.

Apa m'pamene pagona nzeru ya masiku olembedwa m'buku la kusikelo. Jakisoni wachiwiri ndi wachitatu amapeza asilikali amene adutsa kale pa mpikisano, n'kuwabwezeranso pabwalo kuti anoledwe. Ma antibody a katemera wa malungo amatsika miyezi ikamapita, ndiye wachinayi uja, amene makolo ambiri amamuiwala poti mwana wayamba kale kuthamanga, amabwera kudzawadzutsa. Katemerayu sateteza kotheratu, n'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amanenetsa kuti neti isachoke pabedi.

Simba la maselo a T

Pali funso lina. Ngati asilikali amabadwa aliyense ndi mdani wake mwamwayi, bwanji ena sabadwa odana ndi chiwindi kapena khungu la mwini thupi? Amabadwadi, koma ambiri amagwidwa asanatuluke.

Kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima, pali kachiwalo kotchedwa thymus. Kwa ana n'kakakulu, munthu akatha msinkhu kamayamba kufota. Mu 1961, Jacques Miller ku London adakachotsa mwa mbewa zongobadwa kumene, ndipo zidakula zopanda chitetezo. Thymus ndi simba la maselo a T, ndipo anamkungwi ake ndi maselo a stroma. Poyamba amayesa ngati namwali amamva chinenero cha thupi. Kenako, mothandizidwa ndi jini yotchedwa AIRE, amamuonetsa zitsanzo za ziwalo zakutali, za m'diso, za m'mimba, za m'khungu, ngati kumuonetsa abale ake mmodzimmodzi. Amene watukula dzanja pa mbale wake sabwerako. Mwa maselo 100 oyesedwa m'simbamo, otuluka sakwana 5.

Mwana akanyentchera ndi njala, thymus ndi chimodzi mwa ziwalo zimene zimafota msanga, ndipo anabere nawonso amachepa. N'chifukwa chake chikuku kapena kutsegula m'mimba kumene mwana wonenepa amapirira kumagwetsa wonyentchera. Phala la chimanga ndi soya limene lidatenga dzina la Likuni, ndipo lero limadziwika dziko lonse, limamanga zambiri kuposa masaya amene mayi amawaona.

Mphasa ikaola

Kachilombo ka HIV kadaphunzitsa madokotala kufunika kwa stroma mwa njira yowawa. Mu 1993 magulu awiri a ofufuza ku America, la Anthony Fauci ndi la Ashley Haase, adasonyeza kuti m'zaka zimene munthu amaoneka wathanzi, kachilomboka kamakhala kakuswana mwa anabere, kambiri katakanirira pamanja pa ma FDC. Luso losunga lija limasanduka nkhokwe ya mdani, ndipo maselo a CD4 amakatengera matenda pamsika pomwe adabwerera kudzagwira ntchito.

Mu 2002, Timothy Schacker ndi Haase ku Minnesota adapeza chinanso. Nkhondo ikapitirira zaka osatha, mwa mwanabere mumayamba kuunjikana collagen, ulusi wolimba uja umapanga chipsera pakhungu. Chipseracho chimakwirira njira za ma FRC. Maselo a T amalephera kufika pa chakudya chawo cha IL-7, ndipo amafa. Komanso ma FRC amadalira kapuloteni kotchedwa lymphotoxin kochokera kwa maselo a T omwewo. Asilikali akachepa, ophika amafota, ophika akafota, asilikali amacheperachepera.

Izi zimathandiza kumvetsa chinthu chimene anamwino a ku ma ARV amachiona. Anthu awiri amamwa mankhwala mokhulupirika, onse kachilombo sikakuonekanso m'magazi, koma wina CD4 yake yakwera bwino, wina ikukwawa. Kawirikawiri wachiwiriyo adayamba mochedwa. Mankhwala amagonetsa kachilombo, koma safufuta chipsera chakale msanga. Malawi adayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, pa nthawi imene munthu ankadikira kuti adwale kapena CD4 itsike. Mu 2011 adayamba kupereka kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, ndipo mu 2016 kwa aliyense wopezeka nako. Kuwongola mtengo m'poyamba. Woyamba mochedwa nayenso amapindula kwambiri, ndipo moyo wake uli m'mankhwalawo, koma woyamba msanga amapulumutsa ndi mphasa yomwe.

Si HIV yokha imene imasiya zipsera. Mu 2018, Cissy Kityo wa ku Kampala ndi Schacker adayeza anabere a anthu a ku Uganda opanda HIV n'kupezamo zipsera zambiri kuposa mwa anthu a ku America. Atawapatsa katemera wa yellow fever, a zipsera zambiri adapanga ma antibody ochepa. Ofufuzawo adaganizira matenda obwerezabwereza a m'madera otentha, monga malungo ndi nyongolotsi. Kapamba, chiwalo chimene chimasefa magazi monga mmene mwanabere amasefera limfu ndipo chili ndi stroma yakeyake, chimatupa mwa ana odwala malungo pafupipafupi, ndipo zigawo zake za maselo a T ndi a B zimasokonekera pa nthawi ya matendawo.

Mwanabere wofunika kuthamanga naye

Bwalo la mpikisano lija lili ndi ngozi yake. Maselo a B akamasintha majini awo mwadala, nthawi zina amadula polakwika. Mu 1958, Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni ku Kampala, adalemba za chotupa cha nsagwada chimene chinkakula mofulumira mwa ana. Mu 1961 adayenda pagalimoto ndi anzake awiri m'zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland, ndipo adaona kuti chotupacho chimachuluka kumalo otentha ndi a chinyezi, komwe kulinso malungo ambiri. Mu 1964 kachilombo ka Epstein-Barr kadapezeka m'maselo a chotupacho. Lero tikudziwa kuti khansa ya Burkitt imachokera ku maselo a B a pabwalo lija, ndipo malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachilomboka zimachulukitsa mwayi wa kulakwitsako. Ndi khansa imene imagwira ana ambiri m'Malawi muno. Imakula m'masabata, komanso imamva mankhwala ikapezeka msanga. Ana a m'chigawo chapakati amalandira chithandizo chake ku Kamuzu Central Hospital.

Choncho nzeru ya agogo ija ili ndi malire ake. Mwanabere wowawa, wofewa, amene wabwera ndi chilonda ndipo akuphwa chilondacho chikamapola, ali pa ntchito yake. Koma amene watha masabata awiri kapena atatu osaphwa, amene akukulirakulira, wolimba, wosawawa, wogwirana ndi anzake m'khosi, wotuluka mafinya, kapena wobwera ndi kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ameneyo ndi wopita naye kuchipatala. Akhoza kukhala TB ya anabere, imene imachizika ndi mankhwala a miyezi 6, akhoza kukhala chizindikiro cha HIV, akhoza kukhala khansa. Chotupa cha nsagwada kapena cha m'mimba mwa mwana sichidikira kuti fodya agulitsidwe.

Mwana wa ku Nathenje uja, chala chikapola, adzabwerera ku mpira ndipo adzaiwala kuti adatsimphinapo. M'mphechepeche mwake dengu lidzakhala litakunganso manja, ma FDC akusungabe tizidutswa ta tizilombo ta pachitsa paja, ndipo asilikali ochepa okumbukira adzakhala akuyenda m'njira zolambulidwa kale, kudikira tsiku limene adzapunthwenso.